Nyangu: Dzina la Mayi Wobala Mafumu

Mwezi watha, titangotuluka m'mapemphero a Chichewa ku Mufakose, mayi wina wachitsikana anandiimitsa pakhomo la tchalitchi, khanda lili kumsana, mwamuna wake ataima chapambali atanyamula chikwama cha matewera. Atandipatsa moni anati: "Aphunzitsi, apongozi anga anena kuti mwanayu dzina lake ndi Nyangu. Ife takulira konkuno ndipo sitinakumanepo ndi munthu wa dzina limeneli. Kodi ndi la Chichewa ndithu, nanga likutanthauza chiyani?" Ndinawayankha mwachidule pomwepo, koma funso lawo silinandichoke m'mutu, chifukwa pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuphunzitsa chinenero chathu ndi kumasulira zikalata mumzinda uno wa Harare, dzinali ndakumana nalo mwa apo ndi apo kwambiri, pomwe kulemera kwake m'mbiri ya Achewa kumaposa maina ambiri amene timaitanirana tsiku ndi tsiku.

Choyamba tiyenera kuzindikira kuti Nyangu ndi dzina la mtundu wina, losiyana ndi maina amene tinawazolowera. Maina ambiri a Chichewa ndi mawu amene aliyense wodziwa chinenerochi amawamva pomwepo: Mphatso, Chisomo, Chikondi, Thokozani, Kondwani, ngakhalenso aja a m'nthawi ya chisoni monga Misozi ndi Mavuto. Dzina lotere ndi uthenga umene banja likupereka kwa anthu, ndipo n'chifukwa chake limawoloka mosavuta kupita m'Chishona. Mphatso amasanduka Chipo, Chisomo amasanduka Nyasha, Chikondi amakhala Rudo, Thokozani amakhala Tendai, ndipo mabanja ambiri a kuno achita zimenezi popanda kutaya chimene ankafuna kunena. Nyangu silingawoloke chonchi, popeza si uthenga koma ndi dzina la mpando. Tanthauzo lake silipezeka posanthula zilembo, likupezeka mu udindo wa mayi amene ankadziwika nalo.

Mu ufumu wa Amaravi, umene Achewa, Amang'anja ndi Anyanja anachokeramo, mfumu yaikulu inkatchedwa Kalonga ndipo inali ya mfunda wa Phiri. Mbiri ya pakamwa imanena kuti anthu amenewa anachokera kudziko la Aluba, ku Congo ya lero, nadzakhazikika ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza. Pambali pa Kalonga panali amayi awiri a udindo waukulu. Woyamba anali Mwali, mkazi wa mfumu, amene ankachokera ku mfunda wa Banda, eni nsembe ndi mapemphero a mvula. Wachiwiri anali Nyangu, mayi kapena mlongo wa Kalonga, amenenso anali wa kwa Phiri. Kuti timvetse chifukwa chake Nyangu anali wofunika chotere, tikumbukire kuti kwa Achewa ufumu umatsata bere, kutanthauza mzere wa mayi. Mwana wobadwa kwa mfumu salowa ufumu wa bambo ake. Wolowa ufumu ndi m'bale wake wa bere limodzi kapena mwana wa mlongo wake. Choncho Mwali, ngakhale anali wolemekezeka, ana ake sakanakhala pa mpando, pamene Nyangu ndiye anali gwero la mafumu onse. Munthu sakanakhala Kalonga ngati sanabadwe mu mzere wa Nyangu.

Dzinali silinkafa ndi mwini wake. Nyangu akamwalira, mayi wina wa bere lomwelo ankalowa dzina, monga momwe mafumu a m'midzi amalowera maina a atsibweni awo mpaka lero. N'chifukwa chake tikamamva m'nkhani zamakedzana kuti Nyangu anachita chakuti, nthawi zambiri sakunena za mayi mmodzi koma za amayi a mibadwo yosiyanasiyana amene anasenza dzina limodzi.

Pali nkhani ina imene imandigwira mtima nthawi zonse ndikamaifotokozera ophunzira, chifukwa imaonetsa poyera pamene mphamvu zinali. Akuluakulu amasimba kuti Undi, amene anali wa banja lachifumu, atasemphana maganizo ndi anzake pa nkhani ya kulowa ufumu, anachoka ku Mankhamba nalowera kumadzulo, nakakhazikika ku Mano, m'dera limene lero lili m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Pochoka anatengana ndi Nyangu pamodzi ndi amayi ena a banja lachifumu. Amene anatsala anali ndi mudzi waukulu, malo a nsembe ndi mpando weniweniwo, koma bere lobala mafumu linali litapita ndi Undi, ndipo kuchokera nthawi imeneyo nyumba ya Undi inakula mphamvu. Mabuku a mbiri amakonda kuwerenga maina a mafumu aamuna ndi nkhondo zawo, koma nkhaniyi ikutiuza kuti eni ake ankadziwa bwino kuti kumene kwapita mayi, ufumu umatsatira konko.

Zimenezi sizinathere m'nthano. Likulu la Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, lero lili ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, ndipo mwambo wa Kulamba, umene unayambiranso mu 1984 utaletsedwa kwa zaka zambiri m'nthawi ya atsamunda, umachitika chaka ndi chaka kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti. Mafumu a Achewa ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana kumeneko, ndipo udindo wa Nyangu, mayi wa ufumu, ukadalipo ndipo umalemekezedwa. Munthu wotcha mwana wake dzinali adziwe kuti akutenga dzina lamoyo, limene lili ndi mwini wake.

Tsono tibwerere kuno ku Harare, kumene dzinali limakumana ndi makutu a zinenero zina. Mshona akalimva amaganiza za mawu akuti "yangu", amene m'Chichewa ndi "yanga", ndipo ndamvapo anthu akufotokoza ndi mtima wonse kuti Nyangu ndiye kuti "wanga". Maganizo ake ndi okoma, koma si tanthauzo la dzinali. Ena amalisokoneza ndi Nyanga, dera la mapiri la ku Manicaland, kapena ndi nyanga ya ng'ombe, ndipo kusintha kwa chilembo chimodzi chomalizacho kumachotseratu mbiri yonse. Anzathu Atumbuka amamvamo "Nya" uja amene amaika patsogolo pa mfunda wa mkazi, monga NyaGondwe, momwe ife timanenera kuti Nabanda kapena Naphiri, choncho khutu lawo limalilandira msanga ngati dzina la munthu wamkazi. Komabe sindilimbikitsa kung'amba dzinali pakati pofuna tanthauzo la zidutswa zake, popeza chimene Achewa asunga m'mibadwo yonseyi ndi tanthauzo la udindo: mayi wobala mafumu, mwini bere. Katchulidwe kake n'kosavuta. "Ny" ndi wa m'mawu akuti nyama, ndipo "ng" ndi wa m'mawu akuti ngoma, osati wa ng'ombe, kotero polemba sitiikapo kachizindikiro kapamwamba. Dzina linzake lija la Mwali lili ndi vuto lakelake kuno, chifukwa limamveka pafupi kwambiri ndi Mwari, dzina la Mulungu m'Chishona, ndipo makolo ambiri amalipewa pa chifukwa chomwecho.

Nanga dzina lolemera chonchi likusoweranji? Chifukwa choyamba ndi ulemu womwewo. Kumudzi munthu wamba satcha mwana wake dzina la mpando mwachisawawa, monga momwe sitikumanira ndi ana ambiri otchedwa Kalonga kapena Makewana, dzina la mayi wansembe wa ku Msinja. Kusowa kwa dzina lotere sikutanthauza kuti anthu analinyoza. Analiika pamwamba, pamalo posafikira aliyense. Chifukwa chachiwiri ndi ubatizo ndi sukulu, zimene zinabweretsa maina a m'Baibulo ndi a Chingerezi, mpaka maina a makolo anayamba kuoneka ngati a kuseri kwa nyumba. Pamene maina a Chichewa anabwereranso, amene anatchuka ndi aja oyamika Mulungu, monga Madalitso, Tadala ndi Takondwa, chifukwa amakwanira kutchalitchi ndi kumudzi komwe.

Chifukwa chachitatu ndi chathu ife a kuno, ndipo ndi chowawa. Agogo athu anabwera ku Southern Rhodesia, Zimbabwe ya lero, kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu a fodya ndi m'makhitchini a Salisbury, Harare ya lero, ena wapansi, ena pa magalimoto a Ulere, ndipo ulendowu unapitirira m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963. Ambiri anali amuna okhaokha. Anakwatira kuno, nakhala matchona, ndipo ana awo anakulira m'dziko limene mwana amatsata mutupo, kutanthauza mfunda, wa bambo ake. Mwambo wa bere unalibe poimira, chifukwa alongo ndi atsibweni anali atatsala ku Dedza, ku Lilongwe ndi ku Kasungu. Gule Wamkulu anapulumuka, ndipo mpaka lero amavinidwa ku Mbare, Mabvuku ndi Epworth, kumene anzathu amamutcha zvigure, chifukwa amuna aja anatha kumunyamula m'mitima mwawo. Koma mbiri ya amayi a ufumu inkasungidwa ndi agogo aakazi pamoto ndi anamkungwi kutsimba, ndipo ambiri mwa amenewa sanawoloke Zambezi. Kuonjezera apo, mwana wa dzina lomveka Chinyasa ankanyozedwa kusukulu, choncho makolo, pofuna kumuteteza, ankasankha dzina loti lisamuulule. Sindiwaimba mlandu makolo amenewo ngakhale pang'ono, chifukwa ndinaona ndi maso anga chimene ankaopa.

Zinthu zasinthako. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a mu 2013 amavomereza zinenero 16, ndipo Chichewa ndicho chinalembedwa poyamba pa mndandandawo. Malamulo omwewo anatsegula njira ya unzika kwa ambiri obadwira kuno amene makolo awo anachokera m'maiko oyandikana nawo. Ndikuona m'kalasi kuti achinyamata ayamba kufunsa za kumene anachokera popanda manyazi, ndipo maina ngati Nyangu akubwera chifukwa cha mafunso amenewo.

Ena amandifunsa ngati n'koyenera kuti banja losakhala lachifumu litche mwana dzinali. Maganizo anga ndi akuti n'kotheka, bola lichitike mwa dongosolo. Kwathu dzina siliperekedwa ndi bambo ndi mayi okha. Mwana akatuluka m'chikuta, mchombo utagwa, wamkulu wa pabanja ndiye amamunyamula n'kumutcha dzina, ndipo amamupatsa kamphatso kotsimikizira. Ngati dzinali lachokera kwa agogo amene akudziwa chifukwa chake, kapena ngati linalipo kale pamtundu, palibe chokayikitsa. Chimene sindigwirizana nacho ndi kulitola chifukwa chongomveka bwino, kenako mwanayo n'kukula osadziwa choyankha anzake akamufunsa. Dzina losowa limafunsidwa kawirikawiri, kusukulu, kuchipatala ndi kuntchito, ndipo mtsikana amene anauzidwa za Mankhamba, za Undi ndi za bere amayankha modekha, pamene wosauzidwa amafika polibisa n'kumagwiritsa ntchito la pakati. Ndikulangizanso makolo kuti pokalembetsa kalata ya kubadwa azilemba okha dzinali papepala ndi zilembo zikuluzikulu, n'kuwerenganso chimene chalembedwa asanachoke pawindo. Mdzukulu wa mlongo wanga analembedwa dzina lolakwika ndi chilembo chimodzi chokha, ndipo tinayenda maulendo ambiri kuti chikonzedwe mayeso asanafike.

Sabata yatha ndinakawaona a pabanja lija kunyumba kwawo. Ndinapeza agogo a mwanayo atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, akusadzula nkhwani, khanda lili pamiyendo. Nditawafunsa kumene anatenga dzinali, anapukuta manja pachitenje nanena kuti amayi awo, amene anabadwira pafupi ndi Mtakataka ndipo anaikidwa m'manda a pafamu ina kuno, ankawauza kuti mwana wamkazi woyamba pakhomo ndi Nyangu wa banjalo, chifukwa mbumba imayambira pa iye. Agogowo anabala ana aamuna okhaokha asanu, ndipo dzinali analisunga zaka zoposa 40 kudikira mtsikana. Mpongozi wawo, amene anali ataima pakhomo la khitchini akumvetsera, anapita kukatenga kope ndi cholembera, napempha agogowo kuti ayambirenso kuchokera poyamba, atchule mudzi, mfumu yake ndi maina a alongo a amayi awo.