K35,000 ija ya Covid, CDF ndi aMP athu: mafunso amene anthu akundifunsa kuno ku Mzuzu

Chiyambireni nkhani ya ndalama za Covid anthu sakundipatsa mpata, ena ku msika ena pa WhatsApp, ndiye ndati ndingoyankha kamodzi, pakuti ambiri tikukalipira munthu olakwika.

Kodi K35,000 ija ankagawa ndi aMP?

Ayi. Inali pologalamu ya boma yotchedwa CUCI, ya mizinda inayi basi: Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Mu 2021 banja lolembedwa linkalandira K35,000 pamwezi kwa miyezi itatu ndipo ndalamayo inkalowa pafoni, Airtel Money kapena Mpamba, sinkadutsa m'manja mwa MP olo khansala. Ndiye wina akabwera pakhomo nkumati "mayi perekani kangachepe ndikulembetseni kwa olemekezeka" ameneyo ndi wakuba, musamupatse olo K100.

Nanga inachokera kuti?

Mukukumbukira mu Epulo 2020 boma la Peter Mutharika litalengeza kuti tonse tibindikire m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18? Mavenda kuno anatuluka mumsewu kukana, funso lawo linali limodzi, tidya chani. A HRDC, gulu lomenyera ufulu wa anthu, anapita kukhoti ndipo pa 17 khoti lalikulu linaimitsa lockdown ija. Patangopita masiku ochepa boma linalonjeza K35,000, yomwe inali malipiro otsikitsitsa a munthu waganyu yapamwezi nthawi imeneyo, koma kuti ifike mmafoni zinatenga mpaka 2021. Anthu anadikira ndithu.

Ine ndimalandira Mtukula Pakhomo kumudzi, ndi chimodzimodzi?

Ndi zosiyana. Mtukula Pakhomo ndi yakalekale ndipo ndi ya mmaboma, iyi inabwera chifukwa cha mliri, kuthandiza anthu a mtauni omwe amadya zomwe apeza tsiku lomwelo.

Ndiye ntchito ya MP ndi chani apa?

Apa mpomwe ndikufuna tiimepo pang'ono. Kuli mayi wina ku Chibavi amagulitsa mandasi pageti ya sukulu, sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 beseni lake linangokhala pansi pa bedi miyezi yambirimbiri, mpamba onse anadya ndi ana, ndiye polemba maina iye kunalibe anapita kumaliro, dzina lake silinalowe. Mayi ngati ameneyu MP sangamulembe yekha, koma ali ndi mpando ku khonsolo ya mzinda komanso ali ndi pakamwa ku nyumba ya malamulo, akhoza kufunsa nduna poyera kuti anthu osiyidwa achita nawo bwanji, ndipo nduna iyenera kuyankha. Kugawa zidebe, sopo ndi mamasiki pa depoti nzabwino, sindikunyoza ayi, koma zimenezo olo tchalitchi chimapanga. Chomwe tchalitchi sichingapange nkuitanitsa akuluakulu aboma kuti afotokoze mmene K6.2 biliyoni ya Covid inayendera, ndipo mwaona nokha kuti kafukufuku wake atatuluka mu Epulo 2021 a Chakwera, pulezidenti wa nthawiyo, anachotsa nduna ya zantchito.

CDF singatipatse mpamba?

CDF ndi ndalama ya chitukuko cha dera, monga kalavati, buloko ya sukulu, mjigo. Imasungidwa ku khonsolo, si ya mthumba mwa aMP ndipo si yogawana. Koma mavenda mukagwirizana mutha kupempha kudzera kwa khansala ndi komiti ya chitukuko ya wodi yanu kuti pamsika pakhale mpopi ndi zimbudzi zabwino. Kusamba mmanja kopanda madzi kumatheka bwanji?

Geni yanga yagwa, ngongole ndikaipeza kuti?

Ku NEEF, bungwe la boma lobwereketsa ndalama za geni, lomwe limadziwikanso kuti MEDF. Koma abale ndi ngongole, imabwezedwa, si mphatso ya chipani. MP angakulozereni khomo koma fomu mumasaina ndinu.

Dzina langa likasiyidwa pa thandizo ngati limeneli, ndiyambire pati?

Yambirani kwa a buloko lida, kenako kwa khansala, zikakanika pitani ku ofesi za khonsolo. Tengani chiphaso cha unzika ndipo onetsetsani kuti nambala ya foni inalembetsedwa mdzina lanu osati la mwana wanu kapena la aneba. Mukakhala ambiri lembani kalata imodzi nonse musaine, ina mupereke kwa aMP ina musunge nokha, ndipo mulembepo tsiku lomwe mwaperekalo.