Mfuti, waya ndi dibi: chiyambi cha malamulo oletsa ng'ombe kuyenda

Lamulo loti ng'ombe isachoke m'dera lake popanda chiphaso cha dokotala wa ziweto ndi lodziwika kwa aliyense woweta kummwera kwa Africa, ndipo ambiri amaliona ngati linakhalapo chikhalire. Komatu chiyambi chake si chakale kwenikweni. Linabadwa pakati pa 1896 ndi 1910, pamene miliri iwiri yotsatizana inapulula makola, ndipo maboma a atsamunda, amene ena mwa iwo anali atangoyamba kumene kukhazikika, anayesa kuitchinga ndi mfuti, waya waminga ndi mapepala. Nzeru imene inali kuseri kwa malamulowo inali yoona, chifukwa matenda a ng'ombe amayenda ndi ng'ombe, koma mmene malamulowo anafikira kwa eni ng'ombe ndi nkhani ina, ndipo m'menemo ndimo muli gwero la kukayikirana kumene sikunathe mpaka lero.

Mliri woyamba unali rinderpest, umene unalowera padoko la Massawa ku Eritrea cha mu 1887, pamodzi ndi ng'ombe zimene asilikali a Italy anaitanitsa kuti azidya. Ng'ombe ikagwidwa inkatentha thupi, m'maso ndi m'mphuno munkatuluka zamadzimadzi, m'kamwa munkachita zilonda, kenako inkatsegula m'mimba kosalekeza mpaka kufa pasanathe milungu iwiri. M'khola la ng'ombe 10 nthawi zambiri munkatsala imodzi. Ku Ethiopia ng'ombe zolimira zitatha kunagwa njala yoopsa ya 1888 mpaka 1892, Amasai anatsala manja ali m'khosi, ndipo pofika 1892 mliriwo unali utafika kumpoto kwa nyanja ya Malawi. Sunasankhe zoweta zokha: njati, ntchefu, ngoma ndi njiri zinkafa m'tchire, ndipo zisanafe zinkapatsira ng'ombe pamadambo omwera madzi. Mtsinje wa Zambezi unauchedwetsa kwa zaka zingapo, koma m'mwezi wa Malichi 1896 unapezeka ku Bulawayo.

Akuluakulu a boma amene anakumana nawo sanachite kuganiza njira yatsopano, chifukwa anali nayo kale m'mabuku awo. Mu 1865 matenda omwewa anabuka ku Britain, ndipo chaka chotsatira nyumba ya malamulo ya kumeneko inakhazikitsa lamulo lotchedwa Cattle Diseases Prevention Act, lolamula kuti ng'ombe zodwala ziphedwe, kuti zimene zakhala nazo pamodzi zithenso kuphedwa, kuti kayendedwe ka ng'ombe kaimitsidwe, komanso kuti mwini ng'ombe alandire chipepeso. Njirayo inagwira ntchito, ndipo mu 1867 mliriwo unatha. Koma Britain ndi chilumba, minda yake inali yotchingidwa kale, kunalibe njati, kunali sitima zapamtunda zonyamula katundu ng'ombe zikaima, ndipo mlimi ankadziwa kuti boma lomuphera ng'ombe ndi lake ndipo limulipira. Zambiri mwa zinthu zimenezi kunalibe pakati pa mitsinje ya Zambezi ndi Orange.

Ku Matabeleland lamulo lopha ng'ombe linagwera anthu amene mabala awo anali asanapole. Zaka zitatu zokha m'mbuyomo, mu 1893, kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, inagonjetsa mfumu Lobengula ndi kulanda ng'ombe zambirimbiri za Andebele, n'kuzigawa kwa azungu. Tsopano anthu omwewo anabweranso ndi mfuti kudzawombera zotsalazo, kuphatikizapo zimene zinkaoneka zamphamvu ndi zosadwala, ati chifukwa zinadya msipu umodzi ndi zodwala. Munthu amene sanauzidwepo kuti ng'ombe imatha kusunga matenda masiku angapo isanaonetse chizindikiro akanamva bwanji zimenezi? Ng'ombe sinali ndalama chabe: inali malowolo a mwana wamwamuna, inali dipo la mlandu, inali nsembe ya makolo, inali mkaka wa ana m'chaka cha chilala ndi dzombe ngati chimenecho. M'mwezi womwewo wa Malichi Andebele anaukira. Nkhondoyo inali ndi zifukwa zambiri, monga malo, thangata ndi nkhanza za apolisi, koma kuphedwa kwa ng'ombe kunali chimodzi mwa izo. Ndipo pali china chimene lamulolo linabala osayembekezera: munthu akamva kuti owombera ali pafupi ankatsekula khola usiku n'kuthawitsira ng'ombe kwa abale ake akutali, motero lamulo loletsa ng'ombe kuyenda linaziyendetsa koposa kale.

Mliriwo unatsika ndi msewu wa ngolo wodutsa m'dziko la Atswana, ndipo pasanathe miyezi iwiri unali utayandikira Mafeking. Maboma a Cape, Natal, Transvaal ndi Orange Free State, amene pa zina zonse sankamwerana madzi, anatumiza nthumwi ku misonkhano ya ku Mafeking ndi ku Vryburg chaka chomwecho, n'kugwirizana zotseka malire. Pa Phokwane, dera la Atswana kumpoto kwa Cape, m'Novembala 1896, ng'ombe 17 za anthu a mfumu Galeshewe zinasochera kunja kwa malire amene anaikidwa, ndipo apolisi anaziwombera. Mkangano umene unayambira pamenepo unakula n'kusanduka nkhondo ya kumapiri a Langeberg, imene inatha mu 1897 mfumu Luka Jantjie ataphedwa, malo atalandidwa, ndipo anthu pafupifupi 2,000 atatumizidwa kukagwira ntchito yokakamiza m'mafamu a azungu kumadzulo kwa Cape. N'zomvetsa chisoni kuti lamulo loteteza ziweto linathera pa kugawa anthu ngati ziweto.

Boma la Cape linaika chiyembekezo chake pa mpanda wa waya waminga wotalika makilomita pafupifupi 1,600, umene mbali yaikulu unatsata mtsinje wa Orange, ndipo apolisi okwera akavalo ankaulondera usana ndi usiku. Zikopa, nyama ndi ng'ombe sizinkaloledwa kuwoloka, ndipo anthu akuda ofuna kudutsa ankatsukidwa ndi mankhwala, zovala zawo n'kufukizidwa. Mpandawo unapirira miyezi ingapo, koma m'Malichi 1897 matenda anapezeka kummwera kwake. Nkhani imene inalembedwa pa nthawiyo imati mnyamata wotsogolera ng'ombe za pangolo anatola thumba limene munali nyama youma ndi buluku lokhala ndi magazi, anavala bulukulo, ndipo patapita masiku ochepa ng'ombe zakutsogolo, zimene zinkayenda zikumununkhiza, zinayamba kudwala. Posakhalitsa boma linasiya kuwombera, litaona kuti likungomaliza zimene mliri ukanasiya. Kummwera kwa Africa kokha kunafa ng'ombe pafupifupi 2.5 miliyoni.

Chimene chinasintha zinthu chinachokera ku Kimberley, kumene dokotala wa ku Germany Robert Koch anakhazikitsa malo ofufuzira kumapeto kwa 1896. M'Febuluwale 1897 analengeza kuti ndulu ya ng'ombe yofa ndi rinderpest, ikabayidwa pansi pa khungu la ng'ombe yamoyo, imaiteteza kwa miyezi ingapo. Njirayo inali ndi zoopsa zake, chifukwa nthawi zina inkabweretsa matenda m'khola limene munalibe, ndipo madokotala a ziweto Arnold Theiler ndi Herbert Watkins-Pitchford anapeza ina yogwiritsa ntchito madzi a m'magazi a ng'ombe zimene zinadwala n'kuchira. Ambiri poyamba anakana jakisoni, poganiza kuti ndi njira ina yowaphera ng'ombe, koma pamene anaona khola la mnansi litapulumuka anayamba kubweretsa zawo okha. Apa pakuoneka poyera kusiyana kwa lamulo lobwera ndi mfuti yokha ndi lamulo lobwera ndi chipulumutso cha chiweto.

Makola asanadzaze n'komwe, mliri wachiwiri unalowa, ndipo unabwera ndi khama lofuna kuwadzaza. Ng'ombe zogulidwa kugombe la German East Africa, kumene lero ndi Tanzania, zinatsitsidwa padoko la Beira mu 1901 n'kupita nazo ku Umtali, kumene lero ndi Mutare, ndipo zinabwera ndi East Coast fever, chigodola cha ng'ombe. Matendawa anasokoneza akatswiri, Koch yemwe, chifukwa ng'ombe yodwala sinkapatsira inzake mwachindunji. Charles Lounsbury, katswiri wa tizilombo wa boma la Cape, ndiye anatsimikiza kuti onyamula ake ndi nkhupakupa zofiirira zimene zimakonda kukhala m'makutu a ng'ombe. Nkhupakupayo ikadali yaing'ono imayamwa magazi a ng'ombe yodwala, imagwera mu udzu, imafundula, kenako imakwera ng'ombe ina n'kuipatsira. Tanthauzo lake linali lakuti msipu weniweniwo ndi umene wadwala, ndipo lamulo linayenera kusintha: dera linkatsekedwa, ngolo zinkaimitsidwa, ng'ombe zinkadindidwa chizindikiro ndi kuwerengedwa, ndipo busa lokhudzidwa linkasiyidwa lopanda ng'ombe kwa nthawi yoposa chaka kuti nkhupakupa zife ndi njala.

M'menemu ndimo munachokera lamulo la dibi. Joseph Baynes, mlimi wa ku Natal, anamanga imodzi mwa mathanki oyamba a dibi ku South Africa cha mu 1902: dzenje lalitali la simenti, lozama moti ng'ombe ikalumphiramo imamira mutu womwe, n'kusambira mpaka kutsidya m'madzi osakaniza ndi mankhwala a arsenic. Koma poti nkhupakupa ya m'khutu imangokhala pang'ombe masiku ochepa, kusambitsa kamodzi pamwezi kunalibe phindu, ndipo Watkins-Pitchford anakonza mankhwala ochepa mphamvu oti ng'ombe zizisambamo masiku atatu alionse osapsa khungu. Kwa mzungu wokhala ndi thanki pafamu pake imeneyi inali ntchito ya m'mawa umodzi. Kwa munthu wa kumudzi kunali kukusa ng'ombe ulendo wautali kawirikawiri, ngakhale m'nyengo yolima, kulipira msonkho wa dibi, ndi kuimirira pamaso pa kalaliki wowerenga ng'ombe zake, amene kaundula wake pambuyo pake anathandiza boma polamula anthu kuchepetsa ziweto. Mu 1914 anthu a ku East Griqualand, ku South Africa, anaukira lamulo la dibi, ndipo mu 1959 amayi a ku Natal, amene ankakakamizidwa kutungira madzi m'mathanki popanda malipiro, anaphwanya mathanki ambiri. Ngakhale zinali choncho, choonadi n'chakuti dibi inagwira ntchito: chigodola chinatha ku Southern Rhodesia, kumene lero ndi Zimbabwe, mu 1954 ndi ku South Africa mu 1955, patatha zaka zoposa 50 za kusambitsa, kubindikiritsa ndi kuwerenga.

Rinderpest nayo inagonja pomalizira pake, osati ndi mpanda koma ndi katemera amene Walter Plowright anapanga ku Kenya cha mu 1960, ndipo mu 2011 kunalengezedwa kuti matendawo atheratu padziko lonse.

Mizere ina imene inajambulidwa m'masiku a mliri sinafufutike. M'dziko limene lero ndi Namibia, Ajeremani anaika malo a asilikali motsatizana mu 1896 ndi 1897, monga Namutoni ndi Okaukuejo, kuti ng'ombe za kumpoto zisatsikire kummwera. Mliri unadutsa ndithu n'kusakaza ng'ombe za Aherero, koma mzerewo unatsala, ndipo mu 1907 unasanduka malire a dera limene apolisi ankateteza azungu. Boma la South Africa litatenga dzikolo linausunga, ndipo m'zaka za m'ma 1960 linamangapo mpanda weniweni, umene umatchedwa Red Line. Masiku ano chifukwa chimene chimaperekedwa ndi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi komanso matenda a m'mapapo a ng'ombe, ndipo chifukwacho si chabodza, pakuti ogula nyama a ku Ulaya amafuna ng'ombe zochokera m'dera lopanda matendawa. Koma zotsatira zake n'zakuti alimi a kumpoto, kumene kumakhala anthu ochuluka a dzikolo, sangawolotse ng'ombe kapena nyama yaiwisi momasuka kupita kumisika ya kummwera, pamene mafamu akuluakulu a kummwera amagulitsa nyama yawo kunja pamtengo wabwino. Mu 2021 nkhani yofuna kuti mpandawo uchotsedwe inakafika ku khoti lalikulu ku Windhoek.