Injini ikamati tiki-tiki, mvetserani musanamasule chilichonse

Phokoso likamachokera pamwamba pa injini ya galimoto yakale, ambiri amangoti "ndi matapeti", kenaka wina amalangiza kuti muthiremo oyilo wokhuthara kuti likhale chete. Nthawi zina amakhaladi matapeti, tizitsulo tokankha mavalavu kuti atseguke. Koma pali zinthu zingapo zomwe zimalira mofanana, ndipo zimasiyanitsidwa ndi nthawi yomwe zikulirira komanso malo ake.

Choyamba solani dipstick, kachitsulo koyezera kuchuluka kwa oyilo, galimoto ili pamalo athyathyathya. Mavalavu ali pamwamba penipeni, kutali ndi pampu ya oyilo, ndiye oyilo akachepa ndi iwo amayamba kudandaula. Nyali ya oyilo ikamayaka kapena kuphethira injini ikulira, zimitsani pomwepo.

Ngati oyilo ali bwino, tengani sikuludiraiva yayitali, nsonga muyike pachivundikiro cha mavalavu, chogwirira chake pakhutu, mutatalikira fani ndi malamba. Camshaft, chitsulo chotsegula mavalavu, imazungulira kamodzi pamene crankshaft, chitsulo chachikulu chozungulitsidwa ndi mapisitoni, yazungulira kawiri, choncho injini ikamalira payokha pa 800 rpm (kuzungulira ka 800 pa mphindi), valavu imodzi imatseguka ka 400 pa mphindi, pafupifupi ka 7 pa sekondi. Kulira kwake n'kopepuka, kwachitsulo, ndipo kumathamanga mukaponda mafuta. Kukakhala kwa besi, kochokera pansi cha ku sampu (mokhala oyilo), kumakula pokwera chitunda, amenewo ndi mabering'i. Galimoto yotero musaiyendetsenso, ikokedwe.

Chonyenga kwambiri ndi gasiketi ya manifold ya ekizosi, chotsekera mpata pomwe mapaipi otulutsa utsi amalumikizana ndi injini. Ikaphulika pang'ono imalira ndendende ngati tapeti m'mawa, koma chitsulo chikatentha n'kufutukuka mpata umatsekeka, phokoso n'kuzilala. Fufuzani mwaye wakuda m'mbali mwa manifold kapena bawuti yoduka. Pulagi yosamangitsa imachitanso chimodzimodzi. Ma injector opopera mafuta nawo amati tiki-tiki mwachibadwa, amenewo asiyeni.

Mukatsimikiza kuti ndi mavalavu, funso n'lakuti injini yanu ili ndi matapeti amtundu wanji. Ena amadzichunira okha pogwiritsa ntchito mphamvu ya oyilo. Amenewa akalira masekondi ochepa polizitsa galimoto m'mawa kenaka n'kusiya, palibe chodetsa nkhawa: oyilo anatsika usiku. Akamalirabe injini itatentha, nthawi zambiri timabowo ta oyilo tatsekeka ndi phala lakuda lobwera chifukwa chochedwa kusintha oyilo, kapena chifukwa cha oyilo wa m'mabotolo osamata wosadziwika komwe wachokera. Yambani ndi kusintha oyilo ndi fyuluta. Oyilo wokhuthara kuposa amene wopanga injini ananena amangophimba phokoso, ndipo m'mawa wozizira wa mu June ku Dedza kapena ku Mzuzu amachedwa kufika kumwamba komwe akufunikira kwambiri.

Mtundu wina ndi wofuna kuchunidwa ndi munthu, ndipo apa m'pamene injini zambiri zimaonongekera m'manja mwa anthu ofuna zabwino. Pakati pa valavu ndi chitsulo choikankha payenera kukhala kampata, chifukwa valavu ikatentha imatalika. Kampatako kamayezedwa ndi feeler gauge, geji ya timalata topyapyala tolowetsa mumpata. Pa injini ya Toyota 22R ya ma Hilux akale ndi 0.20 mm ku valavu yolowetsa mpweya ndi 0.30 mm ku ya ekizosi, injini ili yotentha, ndipo amachuna ndi sikuluwu ndi nati. Ma dizilo a 3L ndi 5L a m'minibasi za Hiace alibe sikuluwu: amayeza injini itazizira n'kusintha timashimu, tizitsulo tathyathyathya ta makulidwe osiyanasiyana. Ntchito imeneyi ndi yochedwetsa, n'chifukwa chake ambiri amaidumpha.

Kampata kakakula, valavu imalira. Kakachepa, imakhala phee, ndipo mwini galimoto amachoka pagalaja akumwetulira. Komatu valavu ya ekizosi imazizira makamaka ikakhala bwinobwino pampando wake, n'kupatsira kutentha ku cylinder head, mutu wa injini momwe muli mavalavu. Ikalephera kutsekeka, moto umadutsa m'mphepete n'kuidya pang'onopang'ono. Pakapita miyezi galimoto imayamba kunjenjemera itaima, imavuta kulira, mphamvu imachepa, ndipo mukayeza compression (mphamvu yopanikiza mpweya m'masilinda) mumapeza silinda imodzi yatsika. Pamenepo head iyenera kutsika. Ine ndikamva makanika akunena kuti "ndamanga mpaka zasiya kulira", ndimafunsa kuti feeler gauge yake ili kuti.

Chivundikiro chikatsegulidwa, musangoyeza mpata wokha. Onani zitumbu za camshaft ngati zakandika kapena zaphwatalala, masipuling'i ngati pali yothyoka, ndi ma rocker, timikono tokankha mavalavu, ngati akumbika pomwe amakhudzana ndi valavu. Rocker yokumbika imanamiza geji: geji imadutsa pamwamba pa dzenjelo n'kuonetsa mpata wabwino, pomwe weniweni ndi waukulu. Yoteroyo kaya muichune kangati siisiya kulira, imafuna kupalidwa kapena kusinthidwa.