Tambala Akakubayani, Musayeze Bala ndi Maso

"Ndi nkhuku chabe, adokotala." Mawu amenewa amatopetsa kuwamva, chifukwa kawirikawiri wowanena amakhala atafika kuchipatala patapita masiku anayi kapena asanu, mwendo utatupa moti nsapato ikukana kulowa. Akanalumidwa ndi galu akanathamanga tsiku lomwelo. Koma poti ndi tambala wa pakhomo pomwepo, anangopukuta magazi ndi nsonga ya chitenje n'kupitiriza ntchito.

Tambala savulaza ndi mlomo wokha. Chida chake chenicheni ndi chikhadabo chakuthwa cha kumbuyo kwa mwendo chija. M'kati mwake muli fupa, ndipo pa tambala wamkulu chimatalika masentimita awiri, atatu, ngakhale kuposa. Akalumpha amamenya ndi miyendo yonse iwiri, choncho mukapeza bala limodzi funani linzake. Pakhungu pamangooneka kadontho, koma bala lotere lili ngati una wa mbewa: khomo laling'ono, njira yaitali. Ndiye kumbukirani komwe mwendo wa tambalayo waswera: kudzala, m'zitosi, m'khola la mbuzi, m'matope a kuseri kwa bafa. Zonsezo chikhadabo chimazikankhira pansi pa khungu, khungu n'kutseka pamwamba. Tizilombo tina timaswana bwino kumene kulibe mpweya, ndipo bala lakuya lotsekeka ndi malo otero. Bala lalikulu long'ambika, lomwe limaopsa aliyense, nthawi zambiri silivuta kutsuka kusiyana ndi kadontho aka.

Ngati magazi akutuluka kwambiri, dinikizani ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira. Agogo amene ali ndi mitsempha yotupa ya m'miyendo asamaliridwe mwapadera: mtsempha wotero ukabooka, magazi amathovoka modabwitsa. Mu 2019 madokotala a ku Australia analemba za mayi wina wa zaka 76 amene anamwalira chifukwa chotaya magazi tambala atamujompha pa mtsempha wotupa pamene ankatola mazira. Zikatere munthu agone pansi, mwendo ukwezedwe pamwamba kuposa chifuwa, wina adinikize pabalapo mwamphamvu. Kuima kapena kuyenda kumawonjezera kutuluka kwa magazi.

Magazi akasiya, tsukani, ndipo musatsuke mwamwambo chabe. Sopo ndi madzi oyera oyenda, a pampopi kapena othira ndi kapu, kwa mphindi zosachepera 10. Ngati madzi anu ndi okayikitsa, wiritsani lita imodzi, ikani mchere supuni ya tiyi imodzi ndi theka yosasefukira, muwasiye azizire. Amene ali ndi sirinji yatsopano achotse singano n'kupopera madziwo pakamwa pa bala kuti dothi lituluke. Ayodini apakidwe m'mbali. Kenako phimbani ndi bandeji youma yolowa mpweya, muzisintha tsiku lililonse. Musamate balalo ndi pulasitala yothina, musalitseke ndi guluu, ndipo musadandaule ngati kuchipatala akana kulisoka. Bala lobayidwa timalisiya dala lotsegula kuti zoipa zipeze potulukira.

Zimene anthu amathira pamabala n'zomvetsa chisoni. Phulusa, dothi la pachulu, ndowe, mankhwala otsukira mano, mafuta a buleki, ufa wakuda wa m'batire, masamba otafuna. Dothi ndi ndowe ndi kwawo kwenikweni kwa tizilombo ta kafumbata, ndiye wothira zimenezi akubzala yekha matenda pabala. Enanso amagula makapisozi awiri kugolosale, mmodzi n'kumeza, winayo n'kutsegula ufa wake kuwaza pabala. Ufawo umangopanga nkhanambo pamwamba, mafinya n'kumasonkhana pansi. Makapisozi awiri sapha tizilombo, amangotiphunzitsa kupirira mankhwala. Ndipo amoxicillin payekha, amene ambiri amathamangira, nthawi zambiri sagonjetsa tizilombo ta Staphylococcus tomwe timakonda kuyambitsa mafinya pakhungu. Mankhwala oyenera asankhe ndi dokotala ataona balalo, ndipo mukapatsidwa mumalize onse.

Pali mabala amene sayenera kugona kunyumba ngakhale usiku umodzi: la pankhope kapena pamutu, la padzanja ndi zala, la pafupi ndi bondo kapena akakolo, la pamsongolo pomwe fupa lili pansi penipeni pa khungu, ndi lililonse lomwe simukuona pothera pake. Chikhadabo chikafika m'mfundo, mfundoyo imatha kuwonongeka m'masiku ochepa; chikakhudza fupa, mankhwala ake ndi a milungu yambiri. Nthawi zina nsonga ya chikhadabo imathyokera m'kati, ndipo bala lotero silipola mpaka chichotsedwe. Odwala shuga, amene ali ndi HIV, okalamba, ndi amene miyendo yawo imatupa kale, apite tsiku lomwelo ngakhale bala likuoneka lopanda pake.

Amene amandisowetsa mtendere kwambiri ndi ana oyamba kumene kuyenda. Nkhope ya mwana wa zaka ziwiri ili pa msinkhu weniweni womwe tambala amalumphira, ndipo chigaza chake n'chopyapyala. M'mabuku a zachipatala muli ana amene tambala anawaboola chigaza, kabala kapamutu n'kupola bwinobwino, koma patapita masiku kapena milungu n'kupezeka ndi chithupsa cha mafinya mu ubongo. Makolo sagwirizanitsa ziwirizi. Mwana akuwotcha thupi, akusanza, akungogona, mwina wakomoka, iwo amaganiza za malungo, ndipo za tambala uja sazitchula n'komwe. Amayi, abambo, zitchuleni. Dokotala sangalote zimene simunamuuze, ndipo kabala kobisika m'tsitsi sikaoneka pokhapokha wina akafune.

Diso ndiye musalikhudze. Musalitikite, musalipanikize ndi bandeji, musadonthezemo mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, mkodzo kapena madzi a zitsamba. Diso lobooka likapanikizidwa, za m'kati mwake zimatuluka ndipo sizibwereranso. Dulani tsinde la kapu ya pulasitiki yoyera, livundikireni padiso kuti m'mphepete mwake mutsamire pa mafupa ozungulira, mangani mopepuka, nyamukani. Mwanayo asadye kanthu m'njira chifukwa angafunike opaleshoni. Chipatala chapafupi chidzakutumizani kwa madokotala a maso, monga a ku Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba, Mzuzu kapena Nkhoma.

Kwa bala lomwe mukulisamalira kunyumba, masiku atatu oyamba ndiwo oyang'anitsitsa. Mabuku amati muone kufiira, koma pakhungu lathu lakuda kufiira sikuoneka msanga. Inu yang'anani khungu lonyezimira, lodera kuposa mbali inayo, lotentha mukaligwira ndi kumbuyo kwa dzanja. Tengani bolopeni mujambule mzere kuzungulira potupa. Mawa lake kutupa kukadutsa mzerewo, musadikirenso. Chimodzimodzi ululu wogunda umene ukukula m'malo mochepa, mafinya, fungo, mwanabere m'mphechepeche kapena m'khwapa, kutentha thupi ndi kunjenjemera. Ululu woposa kukula kwa bala, matuza kapena khungu lakuda bii ndi nkhani ya ola lomwelo, ngakhale pakati pa usiku. Panado amangobisa ululu, matenda akupitirira.

Tsopano kafumbata. Matendawa safuna bala lotupa kapena la mafinya. Amatha kubuka kabala katauma kale, pakati pa masiku 3 ndi 21. Amayamba ndi nsagwada kuuma, munthu kulephera kuyasamula kuti adye nsima, khosi kulimba, kenako thupi lonse kukokana mpaka msana kupindika, makamaka pakamveka phokoso kapena pakawala. Apa ndi pomwe mabanja ambiri amatayira masiku kwa asing'anga poganiza kuti munthu walodzedwa. Poizoni wa kafumbata akagwira mitsempha palibe mankhwala omuchotsapo. Wodwala amafunika chisamaliro cha kuchipatala kwa milungu ingapo, ndipo ambiri sapulumuka. Pomwe kupewa kwake ndi jakisoni. Ana amalandira katemerayu kusikelo ali ndi milungu 6, 10 ndi 14, amayi amalandira ali oyembekezera, koma abambo ambiri chibayidwireni ali makanda sanalandirenso, ndipo mphamvu ya katemera wa paukhanda imatha ndi zaka. Pa bala lakuya kapena lolowa dothi, ngati papita zaka zoposa 5 chilandirireni katemera womaliza, mukufunika wina. Ngati simukudziwa, kapena simunakwanitse atatu, nenani poyera, chifukwa mungafunikenso jakisoni wina wa chitetezo cha msangamsanga. Tengani buku lanu la kuchipatala. Za chiwewe musade nazo nkhawa: nkhuku sizifalitsa matendawa.

Nanga tambalayo? Ukali umayamba akakhwima, cha m'miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo umakula ngati atambala achuluka pa misoti yochepa. Mmodzi amakwanira pa zazikazi pafupifupi 10. Kumumenya ndi ndodo kapena kumuponda sikumuphunzitsa kanthu, kumangomuwonjezera ndewu. Polowa m'khola valani magambuti ndi thalauza lalitali, ndipo musatume mwana wamng'ono kukatola mazira kapena kuwaza madeya yekha. Nsonga ya chikhadabo ingathe kupalidwa kuti ibunthe, koma nsonga yokha, chifukwa mukadula mozama mufika pa fupa ndi mitsempha ya magazi. Alangizi a ziweto akuonetseni koyamba. Chimameranso, choncho muziona pakapita miyezi. Koma tambala amene walumphira mwana kamodzi adzabwerezanso, ndipo khalidweli limatha kupita kwa ana ake. Pakhomo pomwe pali ana okwawa kapena agogo oyenda ndi ndodo, tambala wotero aphedwe akhale ndiwo. Musamugulitse kwa mnansi amene nayenso ali ndi ana.