Mwezi wa malenzi umayamba tsiku lomwe mwamatula kapaketi

"Adokotala, ndangowavala kasanu kokha, ndiye ndiwataye bwanji?" Anandifunsa choncho mtsikana wina wochokera ku Angónia, atanyamula kabokosi ka malenzi, aja ovala padiso penipeni m'malo mwa magalasi, m'manja ngati wanyamula dzira. Anawatsegula mu Ogasiti pa ukwati wa mchemwali wake, ndipo tsiku limenelo tinali m'kati mwa Okutobala. Ndinamuuza kuti awataye pomwepo. Nkhope inagwa, ndipo sindinamudabwe, chifukwa ndalama yake inali isanabwerere.

Malenzi a mwezi, aja olembedwa kuti "mensal" kapena "monthly" pakatoni, amakhala masiku 30 kuwerengera tsiku lomwe mwamatula kapaketi. Kaya mwawavala tsiku lililonse, kaya kawiri kokha, masikuwo akuyenda. Misozi ili ndi mafuta ndi mapuloteni amene amamatirira pa lenzi, ndipo ngakhale mutsuke bwanji ena amatsalabe. Pamenepo ndi pamene tizilombo timapeza pokhala. Lembani deti pakatoni ndi bolopeni tsiku lotsegula. Ngati ndinu wovala pa ukwati ndi pa chinkhoswe pokha, a mwezi si anu. Funsani aja ovala tsiku limodzi n'kutaya.

Pogula, ambiri amalakwitsa potenga pepala la magalasi n'kutumiza manambala ake kwa wogulitsa wa pa WhatsApp kapena kwa m'bale amene ali ku Beira kapena ku Blantyre. Magalasi amakhala patali pang'ono ndi diso, pafupifupi mamilimita 12, pamene lenzi imakhala padiso penipeni. Mphamvu ikapitirira 4.00, kusiyana kumeneku kumayamba kumveka, moti munthu wa magalasi a -6.00 nthawi zambiri amafunika lenzi ya -5.50. Ndiye pakatoni pali manambala ena awiri amene pepala la magalasi lilibe. BC ndi kupindika kwa lenzi, kawirikawiri pakati pa 8.4 ndi 8.8, ndipo DIA ndi kukula kwake, mamilimita 14 kapena kuposerapo pang'ono. Lenzi yothina imakakamira padiso, misozi osadutsa pansi pake. Yokhwepa imayendayenda mukamaphethira. Zimenezi simungazidziwe pagalasi la kunyumba, timaziona ndi makina lenzi ili m'diso. Amene papepala lawo pali CYL ndi AXIS, maso awo sanapindike mofanana mbali zonse, ndipo angafunike malenzi otchedwa toric, omwe ndi okwererapo mtengo. Za malenzi osintha mtundu wa maso ogulitsidwa limodzi ndi mawigi ndi zikhadabo sindinena zambiri. Nawonso amakhala padiso pomwepo, ndiye malamulo ake ndi omwewa.

Kakhungu koonekera kamene kali patsogolo pa diso, cornea, kalibe mitsempha ya magazi. Kamapuma mpweya wochokera kunja kudzera m'misozi. Mukavala lenzi mwakaveka chofunda. N'chifukwa chake ndimakonda malenzi a silicone hydrogel, amene amalola mpweya wochuluka kudutsa kuposa a hydrogel akale. Ndipo n'chifukwa chakenso ndimaletsa kugona nawo. Chikope chikatsekeka mpweya umachepa, misozi siyenda, ndipo mpata woti diso lidwale umakwera kangapo. Makatoni ena amalemba kuti mukhoza kugona nawo. Ine kuno sindilola aliyense, ngakhale tulo ta mu chapa, minibasi ija, pa ulendo wochokera ku Tete kupita ku Ulongué. Mukudziwa kuti mukhala maola mumsewu, valani magalasi.

Dera lathu silichitira chifundo malenzi. Mumzinda wa Tete, Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, misozi imauma msanga, ndipo pofika masana lenzi imamveka ngati mchenga. Ku Moatize kuli fumbi la malasha ndi la magalimoto akuluakulu. Ku Angónia ndi ku Tsangano kumazizira, koma utsi wa nkhuni m'khitchini umachita zomwezo. Wogwira ntchito pafumbi tsiku lonse ndimamuuza mosabisa kuti malenzi awasungire Lamlungu. Ena onse, kachitsotso kakalowa musatikite diso. Sambani m'manja, chotsani lenzi, itsukeni ndi mankhwala ake. Madontho onyowetsa maso alipo, koma gulani olembedwa kuti ndi ogwirizana ndi malenzi.

Tsopano nkhani ya madzi, imene imandisowetsa tulo kuposa zonsezi. Lenzi isakhudze madzi amtundu uliwonse. A pampopi ayi, a pamjigo ayi, a m'botolo ogula ayi, owiritsa n'kuthira mchere kunyumba ayi. Malovu ndiye musayerekeze. M'madzi ndi m'dothi mumakhala kachilombo kotchedwa Acanthamoeba. Tikamwa nthawi zambiri sikatichita kanthu, koma kakamatirira pa lenzi n'kupeza kachilonda kakang'ono pa cornea, kamalowa n'kuyamba kudya. Ululu wake ndi wosaneneka, mankhwala ake ndi ovuta kupeza ndipo amadonthezedwa kwa miyezi, ndipo ena amatsala ndi chipsera choyera chimene chimatseka kuona. Kachilomboka kakaona zovuta kamadzikuta m'chikamba cholimba, moti klorini wa m'madzi akumwa sakapha. Choncho madzi othira mankhwala a klorini otchedwa Certeza ndi abwino kumimba, koma kwa lenzi ndi madzi ngati ena onse. Vulani malenzi musanalowe m'bafa ndi chidebe, musanasambe kumaso, musanasambire mu Zambezi kapena mu Revúbuè. Mukasamba m'manja ndi sopo, pukutani mpaka aume musanagwire lenzi, chifukwa dontho lotsala pachala ndi madzi omwe aja.

Madzulo zimayenda chonchi. Yambani ndi diso lomwelomwelo tsiku lililonse, ine ndimati lamanja, kuti musasokoneze malenzi. Ikani lenzi pachikhatho, donthezeranipo mankhwala, itikiteni pang'onopang'ono ndi nsonga ya chala mbali zonse ziwiri kwa masekondi pafupifupi 20. Ngakhale botolo litalemba kuti palibe chifukwa chotikita, tikitani. Tsukuluzani ndi mankhwala ena, kenako iikeni m'kabokosi momwe mwathira mankhwala atsopano, igone m'menemo usiku wonse. Mankhwala adzulo amatayidwa. Kuwonjezera atsopano pamwamba pa akale, kumene ambiri amachita pofuna kuti botolo likhalitse, kuli ngati kuthira madzi oyera m'beseni lomwe mwatsukiramo mbale. M'mawa mukavala, khuthulani kabokosi, katsukeni ndi mankhwala omwewo, kapukuteni ndi tishu, kasiyeni kotsegula, kukamwa kwake kutayang'ana pansi, kuti kaume, kutali ndi bafa. Pakatha miyezi itatu katayeni. Ndaonapo tibokosi tobiriwira m'kati, mwini wake akudabwa kuti maso akufiira bwanji pamene malenzi ndi atsopano.

Mabotolo nawo si amodzi. Olembedwa saline kapena soro fisiológico ndi otsukuluzira chabe, sapha tizilombo. Palinso a hydrogen peroxide, amene amatsuka bwino kwambiri koma amafuna kabokosi kakekake ndi maola osachepera 6 kuti ukali wake uthe. Mukawathira m'diso mwachindunji mudzalira ngati mwalowa tsabola.

Masiku oyamba kuvala kumavuta, chikope chimatsekeka chala chisanafike. Kuona maso a nkhono n'kudekha, pakatha sabata chala chimazolowera. Lenzi ikakhala pachala iyenera kuoneka ngati kambale kozungulira bwino. Milomo yake ikayang'ana kunja ndiye kuti yatembenuka. Azimayi, lenzi iyambe kulowa zodzola zisanapakidwe, ndipo iyambe kutuluka musanazichotse.

Anthu akabwera kudzafunsa mtengo, amafunsa wa katoni yokha. Ndimawauza kuti awerengerenso botolo la mankhwala, ndi komwe akalipeze likatha. Mumzinda mukhoza kulipeza, koma wokhala ku Furancungo kapena ku Chifunde angafunike kugula awiri nthawi imodzi, ndipo osawasiya m'galimoto yoima padzuwa. Mankhwala akatha mwezi usanathe, malenzi apume, magalasi abwerere pamphuno. Amene alibe magalasi oti n'kuthawirako sindimupatsa malenzi, chifukwa ndikudziwa kuti tsiku lomwe diso lidzafiira adzawavalabe kuti aone njira ya ku ntchito.

Diso likafiira, likamapweteka, likamaopa kuwala, likamatuluka manthongo, kapena mukayamba kuona mwachimbuuzi, chotsani lenzi nthawi yomweyo ndipo musaibwezeremo. Musathiremo mkaka wa m'mawere, madzi a masamba kapena shuga, monga timachitira kumudzi. Musagulenso madontho pamsika kapena kubwereka a mnansi, chifukwa ena ali ndi steroid amene amachotsa kufiira pamene chilonda chikukulira pansi. Chilonda cha bakiteriya wotchedwa Pseudomonas chikhoza kuwononga cornea m'masiku awiri okha. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, auzeni kuti mumavala malenzi, ndipo ngati kwanuko kulibe woona za maso pemphani kalata yopita ku Hospital Provincial de Tete. Malenzi aja, kabokosi ndi botolo musataye, zikulungeni m'pepala mupite nazo, tikaone chimene chinali m'menemo.