Kachilombo ka chiwindi kamene kankakana kuswana mu labotale

Bakiteriya ambiri savuta kuweta. Mukawaikira chakudya m'kambale madzulo, m'mawa mumapeza achuluka. Mavairasi satero: amaswana pokhapokha atalowa m'selo yamoyo, kachigawo kakang'ono kwambiri ka thupi. N'chifukwa chake ife a mu labotale timayamba taweta maselo, m'mabotolo okhala ndi madzi ofiirira a shuga ndi mchere, pa kutentha kwa madigiri 37 ngati m'thupi la munthu.

Kachilombo ka hepatitis C, vairasi yotupitsa chiwindi, kanadziwika mu 1989, koma kankakana kuswana m'mabotolomo. Maselo otengedwa m'chiwindi chabwinobwino sachedwa kufooka akachoka m'thupi, ndipo nyama yomwe ankayeserapo inali chimpanzee basi. Nanga mankhwala mungawayese bwanji pa mdani amene simungamusunge?

Thandizo linachokera ku maselo a Huh-7, otengedwa m'chotupa cha khansa ya chiwindi cha bambo wina wa ku Japan mu 1982. Maselo a khansa amangogawikana osaleka, ndipo maselo a bamboyo akugwirabe ntchito mu labotale mpaka lero. Ine ndimaona kuti munthu ameneyu sitimuthokoza mokwanira. Mu 1999, Volker Lohmann ndi Ralf Bartenschlager ku Germany anaika m'maselowo chidutswa cha majini (malangizo a chibadwa) a kachilomboka, chidutswacho n'kuyamba kudzichulukitsa. Sikanali kachilombo kathunthu, komabe anthu anayamba kuthirapo mankhwala osiyanasiyana n'kumaona omwe akuletsa kuchulukanako. Kathunthu kanadzaswana mu 2005, pamene Takaji Wakita ndi anzake anagwiritsa ntchito mtundu wa JFH-1, wochokera kwa wodwala wina wa ku Japan.

Pakutha pa 2013 mankhwala a sofosbuvir, olimbana ndi hepatitis C, anavomerezedwa ku America. Lero mapiritsi omwa milungu 8 mpaka 12 amachiritsa odwala oposa 95 pa 100 aliwonse.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi hepatitis B, kachilombo kena ka chiwindi komwe ndi kofala kwambiri kuno ku Africa. Khomo lomwe kachilomboka kamalowera m'selo, lotchedwa NTCP, linapezeka mu 2012 ndi gulu la Wenhui Li ku Beijing. Akangoika khomoli pa maselo owetedwa, kamalowa. Koma kakalowa kamabisa majini ake pakatikati pa selo, ndipo mankhwala monga tenofovir amangokagonetsa, osakachotsa. Kuno ku Malawi ana akhala akubayidwa katemera wake kuyambira 2002. Amene tinabadwa chakacho chisanafike, tiyeni tikayezetse magazi.