Koleji kaye kapena kusaina pompo? Mkangano wakale wa baseball ku America

Ku America mnyamata wodziwa baseball akamaliza sekondale pakhomo pamabuka nkhani, ena amati saina ndi timu yaikulu ndalama zilipo, ena amati ayi pita ku koleji ukakule kaye, ndipo mkangano umenewu sunayambe dzulo. Kalekale matimu ankangolimbirana osewera ngati pa okushoni, wandalama zambiri ndiye ankatenga mwana. Mu 1953 akuluakulu a ligi yaikulu anakhwimitsa lamulo loti timu ikapatsa mnyamata ndalama yosainira yoposa madola 4,000 izimusunga mu timu yaikulu zaka ziwiri osamutumiza ku maligi ang'onoang'ono kokaphunzira, ndiye ana ambiri ankangokhala pabenchi kumaonerera anzawo. Sandy Koufax wochokera ku University of Cincinnati analowa Brooklyn Dodgers mwa njira imeneyi mu 1955, ndipo zinamutengera mpaka cha mu 1961 kuti ayambe kuponya mpira molunjika bwinobwino.

Chimene chinathetsa kulimbiranaku ndi nkhani ya Rick Reichardt wa ku University of Wisconsin. Mu 1964 matimu anamuthamangira mpaka Los Angeles Angels inatulutsa madola pafupifupi 200,000, eni matimu mitima inawawa, chaka chotsatira basi anayambitsa draft, yomwe inali yoti matimu azisankha osewera mosinthana kuyambira timu imene yachita zofooka kwambiri. Woyamba kusankhidwa mu 1965 anali mwana wa koleji, Rick Monday wa ku Arizona State, ndipo Kansas City Athletics inamupatsa pafupifupi theka la zimene analandira Reichardt. Apa nkhani inali yoteteza thumba la mabwana basi, osati ana, olo kuti Monday yekhayo zinamuyendera, anasewera mpaka 1984.

Lamulo lake mpaka pano ndi loti ukalowa koleji ya zaka zinayi sungasankhidwenso mpaka utatha chaka chachitatu kapena utakwanitsa zaka 21. Ubwino wake ulipo ndithu. Mnyamata wa koleji amafika atakhwima, wasewerapo pamaso pa chinamtindi cha anthu ku Omaha komwe kumachitikira College World Series, mpikisano womaliza wa makoleji, kuyambira 1950, moti ena analumphiratu maligi ang'onoang'ono. Dave Winfield anachoka ku Minnesota mu 1973 kulunjika San Diego Padres, Bob Horner anachita chimodzimodzi ku Atlanta Braves mu 1978 nkukhala wosewera watsopano wopambana chaka chomwecho, ndiye pali Jim Abbott wa ku Michigan amene anabadwa wopanda dzanja lamanja koma mu 1989 anayambira mu timu yaikulu ya Angels ngati woponya mpira. Posachedwapa Paul Skenes wa ku Louisiana State University wasainira madola 9.2 miliyoni ku Pittsburgh Pirates mu 2023, chaka chotsatira anali kale woyamba kuponya pa masewero a All-Star, a osewera osankhidwa kuti ndi akatswiri a chaka chimenecho.

Billy Beane, amene anali bwana wa Oakland Athletics ndipo buku la Moneyball la mu 2003 linamutchukitsa, ankakonda kwambiri kusankha ana a koleji poti manambala a mmene amasewerera amakhala ambiri oti nkuwawerenga, komanso iye mwini anakana malo ku yunivesite ya Stanford mu 1980 nkusaina ndi New York Mets ali mwana, mpira wake osapita patali. Koma manambala a ku koleji pena amanamiza. Kuyambira 1974 kumeneko amamenyera ndodo zachitsulo zimene zimaulutsa mpira olo waumenya pambali, pomwe ku ligi yolipidwa ndi ndodo yamtengo basi, nchifukwa chake ofufuza osewera amadzadza ku Cape Cod nthawi ya holide komwe ana a koleji amasewera ndi zamtengo, kuti aone amene ali ndi mphamvu zenizeni.

Oponya mpira ndiwo amandimvetsa chisoni kwambiri, mkono wa munthu si makina. Mark Prior wa ku University of Southern California ankaoneka ngati alibe chilema chilichonse, mu 2003 anawina magemu 18 ndi Chicago Cubs, koma phewa linamuvuta ndipo pofika 2006 ali ndi zaka 25 zokha anali ataponya gemu yake yomaliza mu ligi yaikulu. Mark Appel anakana kusaina ndi Pirates mu 2012, anabwerera ku Stanford kukamaliza digiri, mu 2013 Houston Astros inamusankha woyamba pa onse, kenako kuvulala ndi kuvutika mpaka anasiya mpira mu 2018, nkudzabwereranso, ndipo anakalawa ligi yaikulu mu 2022 ndi Philadelphia Phillies ali ndi zaka 30. Ameneyutu anali nambala wani pa dziko lonse, nanga a kumunsi aja?

A kumunsiwo ndi ambiri ndipo sitiwamva. Chimene chimandipweteka ine nchakuti mnyamata amene wapirira nkumaliza zaka zonse zinayi ndi amene amapatsidwa zochepa, poti alibenso kothawira, sanganene kuti mukandimana ndibwerera ku sukulu, ndiye ena amasainira madola 10,000 kapena kuchepera apo pomwe mnzake wa chaka chachitatu watenga zochuluka. Akalowa maligi ang'onoang'ono ndi moyo wa m'mabasi usiku wonse, ndipo kwa zaka zambiri malipiro ankabwera miyezi yosewera yokha. Aaron Senne, amene anasewera ku University of Missouri, anali mmodzi wa amene anasumira ligi mu 2014 pa nkhani ya malipiroyi, mlandu unatha mu 2022 ligi itavomera kulipira madola 185 miliyoni, chaka chomwecho osewerawa analowa mu yuniyoni ndipo mu 2023 anasainirana mgwirizano wawo woyamba.

Koma khomo lacheperanso. Matimu ang'onoang'ono anawadula kufika 120 mu 2021, ndipo draft imene inali ndi maraundi 40 pano ili ndi 20 okha. Mike Piazza, amene analowa mu Hall of Fame, mndandanda wa akatswiri olemekezeka a baseball, mu 2016, Dodgers inamutola ku koleji ya Miami-Dade mu 1988 pa raundi ya nambala 62, nthawi imene maraundi anali asanawadule kufika 40, raundi yoti lero kulibe.